Nyundo, Mkuwa ndi Dzina la Munthu

Mwala wake ndi waung'ono, woti munthu akhoza kuunyamula ndi dzanja limodzi. Ndi chibuma cha konkireti cha masentimita pafupifupi 10 mbali zonse, ndipo pamwamba pake amavekapo mkuwa wonyezimira ngati golide. Amaukwirira m'njira ya oyenda pansi, pafupi ndi khomo la nyumba, mpaka mkuwawo ulingane ndi nthaka, osatumphuka. Pamkuwapo pamakhala mizere yochepa ya zilembo zikuluzikulu. Mzere woyamba umanena kuti pano pankakhala munthu. Wachiwiri ndi dzina lake. Kenako pamabwera chaka chimene anabadwa, chaka chimene anamutenga, kumene anapita naye, ndi tsiku limene anamupha ngati likudziwika. Mawu amathera pomwepo.

Miyala imeneyi imatchedwa Stolpersteine m'Chijeremani, kutanthauza miyala yopunthwapo. Anaiyambitsa ndi mmisiri wa ku Germany, a Gunter Demnig, amene anabadwira ku Berlin mu 1947. Pa 26 Meyi 2023 anakwirira mwala wa nambala 100,000 mumzinda wa Nuremberg, ndipo lero miyalayi ili m'mayiko oposa 30 a ku Ulaya. Yambiri ndi ya Ayuda amene anazunzidwa ndi kuphedwa mu ulamuliro wa Nazi pakati pa 1933 ndi 1945. Ina ndi ya anthu a mtundu wa Sinti ndi Roma, anthu olumala, a Mboni za Yehova, otsutsa boma, ndi ena amene ulamulirowo unkawasaka. Pa zikumbutso zonse za Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa pa nthawi ya Holocaust, ichi ndi chimene chimandigwira mtima kwambiri chifukwa cha nzeru imene inalowapo. Kukula kwa mwalawu, malo ake, mawu ake, chitsulo chake, ngakhale kuchedwa kwa kapangidwe kake, chilichonse chikuyankha chinthu china chimene opha anthu aja anachita.

Chimene mwalawu ukuyankha

A Nazi asanayambe kupha Ayuda mwaunyinji, anayamba ndi kuwafufuta pang'onopang'ono m'mabuku a boma. Malamulo a ku Nuremberg a 1935 anawalanda ufulu wa nzika ndi kuletsa ukwati pakati pa Myuda ndi Mjeremani amene sanali Myuda. Mu 1938 kunabwera lamulo lakuti Myuda amene dzina lake silinali pamndandanda wa mayina amene boma linkati ndi achiyuda awonjezere dzina lina: mwamuna akhale Israel, mkazi akhale Sara. Dokotala, telala, agogo, kamwana ka sukulu, onse dzina limodzi. Kuyambira Sepitembala 1941, Myuda aliyense wa zaka 6 kupita m'mwamba ku Germany ankayenera kusokerera nyenyezi yachikasu pachovala chake. Pa 20 Januwale 1942, akuluakulu 15 a boma ndi a chipani anakumana m'nyumba ina m'mbali mwa nyanja ya Wannsee ku Berlin kuti agwirizane kayendetsedwe ka ntchito yophayo. M'chikalata cha msonkhanowo muli mndandanda wa mayiko, pambali pa dziko lililonse pali chiwerengero cha Ayuda ake, ndipo pansi anaphatikiza n'kupeza oposa 11 miliyoni. Dzina la munthu woti aphedwe mulibemo ngakhale limodzi.

Ku msasa wa Auschwitz, kumene kunafera anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda, amene asankhidwa kuti agwire ntchito yakalavulagaga ankawadinda nambala pamkono. Ochuluka sankafika n'komwe polandira nambalayo. Ankangotsika sitima n'kupita nawo ku zipinda za mpweya wakupha, matupi awo n'kuwotchedwa, phulusa n'kutayidwa m'mitsinje, m'maiwe ndi m'minda.

Kwathu kuno, mtima wa ofedwa sukhala pansi kwenikweni mpaka atamanga chiliza, dzina la malemu n'kulembedwa poonekera, kuti mdzukulu wobadwa mawa adzadziwe pamene agona agogo ake. Ayuda nawo amalemekeza manda kwambiri, ndipo wokaona manda amasiya kamwala pachiliza, chizindikiro chakuti anafika. Tsono pano pali mtundu umene anthu ake mamiliyoni alibe manda. Funso limene mmisiri aliyense wofuna kuwakumbukira amakumana nalo ndi lakuti: dzina ulilemba pati, pamene mwini wake alibe pogona?

Yankho linapezeka pakhomo

A Demnig sanayambe ndi mwala. Mu 1990 anajambula mzere wautali wa mawu m'misewu ya Cologne, kutsata njira imene anthu 1,000 a mtundu wa Sinti ndi Roma anadutsitsidwa mu Meyi 1940 powapititsa kusiteshoni ya Deutz. Iwo amafotokoza kuti pa nthawi ina akugwira ntchito yokhudza mzerewu, mayi wina wachikulire amene anaiona nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anawauza motsimikiza kuti m'dera lawolo simunakhalepo anthu a mtundu umenewo. Mayiwo sankanama dala. Anansi awo anachotsedwa, ndipo patapita zaka makumi asanu ngakhale mbiri yakuti anakhalapo anansi inali itazimiririka. Apa m'pamene a Demnig anaona kuti chikumbutso chiyenera kubwerera pamene munthu ankakhala.

Mwala woyamba anaukwirira pa 16 Disembala 1992 kutsogolo kwa nyumba ya khonsolo ya Cologne, patatha zaka 50 chilamulireni Heinrich Himmler, mmodzi mwa akuluakulu a Nazi, kuti Sinti ndi Roma atumizidwe ku Auschwitz. Umenewo unali ndi mawu a lamulolo. Miyala ya mayina inatsatira, ndipo yoyambirira anaikwirira popanda chilolezo, ku Cologne mu 1995 ndi ku Kreuzberg mumzinda wa Berlin mu 1996. Chilolezo choyamba cha boma chinabwera mu 1997 m'mudzi wa St. Georgen pafupi ndi Salzburg ku Austria, pa miyala ya amuna awiri apachibale, a Mboni za Yehova, amene anaphedwa chifukwa chokana usilikali.

Kuti tione nzeru ya kusankha khomo, tiyerekeze ndi chikumbutso chachikulu cha pakati pa Berlin, chimene anakonza a Peter Eisenman ndipo chinatsegulidwa mu 2005. Pamenepo pali zipilala za konkireti 2,711, ndipo woyenda pakati pake amamva kulemera kwa zimene zinachitika. Koma kuti munthu amve kulemerako ayenera kunyamuka n'kupitako, ndipo amene sakufuna kumva akhoza kukhala moyo wake wonse osapondako phazi. Mwala wa a Demnig sudikira kuti munthu aufune. Umamupeza akupita kukagula buledi, akuperekeza mwana kusukulu, akufunafuna makiyi m'thumba. Komanso chipilala chachikulu chimaloza kutali, ku misasa ya kum'mawa. Mwala wa pakhomo umanena kuti ulendo wa ku Auschwitz unayambira pano, pa nyumba iyi, pamene mazenera a anansi ankayang'ana msewu womwewu.

Palinso lamulo lina limene limaonetsa kusamala. Mwala suikidwa pa nyumba iliyonse imene munthuyo anagonamo komaliza, koma pa nyumba yomaliza imene anaisankha yekha. Kuyambira 1939 Ayuda ambiri ku Germany anatulutsidwa m'nyumba zawo n'kuunjikidwa m'nyumba zina zimene boma linapatula, mabanja angapo mothithikana. Mapepala a boma a tsiku lowatenga nthawi zambiri amasonyeza adiresi yokakamizidwayo. Kuika mwala pamenepo kukanakhala kuvomereza kuti kwawo kwa munthuyo n'kumene omuzunza anamuponya. Choncho ofufuza amabwerera m'mbuyo mpaka atapeza nyumba imene iye mwini ankati kwathu.

Mawu ochepa, osankhidwa bwino

Mkuwa wa masentimita osakwana 10 sulola mawu ambiri, ndipo kuchepa kwa malo kumeneku a Demnig anakusandutsa mphamvu. Pamwala sipakhala mawu otamanda, sipakhala pemphero, sipakhala chithunzi. Sipalembedwa kuti munthuyo anali wabwino kapena wokondedwa, chifukwa munthu safunika kukhala wabwino kuti kumupha kukhale mlandu. Mayina okakamiza aja, Israel ndi Sara, sawalemba. Kwa mayi wokwatiwa amalembanso dzina la kwa makolo ake, kotero kuti woona miyala ya m'misewu iwiri yosiyana akhoza kuzindikira kuti awa anali pachibale. Ndipo pa miyala yambiri ya Ayuda, mawu akuti Myuda sapezekapo. Boma la Nazi linkafuna kuti munthu asaoneke china chilichonse koma chizindikiro chimenecho. Mwala umayamba ndi kumutcha wokhala pano.

Mneni womaliza ndi amene anasankhidwa mosamala koposa. Mapepala a Nazi anali odzaza ndi mawu obisa: ankati anthu asamutsidwa, apita kukagwira ntchito kum'mawa, ndipo zikalata zambiri za imfa za m'misasa zinkanama kuti munthu wafa ndi mtima kapena chibayo. Pamwala amalemba kuti ermordet, anaphedwa, ndipo ndi mawu amene makhoti amagwiritsa ntchito pa mlandu wa kupha munthu mwadala. Kwa amene anadzipha atalandira kalata yowauza tsiku lonyamuka, ndipo ku Berlin analipo ambiri, amalemba mawu otanthauza kuti anathawira ku imfa, pofuna kuti mlandu ukhale pa amene anawatsekera njira zina zonse. Pamene mapepala atha osanena mathero a munthu, mwala umanena poyera kuti mathero ake sakudziwika. Supeka.

Chinanso chimene ndimachisirira ndi ntchito imene mwala umasiyira wowerenga. Sunena zaka za munthu, umangopereka chaka chobadwa ndi chaka chophedwa. Woima pamenepo amapezeka akuchotsera yekha m'mutu. Akaona 1868 ndi 1942, amapeza kuti awa anali agogo a zaka zoposa 70 amene anawakweza sitima. Akaona 1936 ndi 1943, amapeza mwana woti wangoyamba kumene kuphunzira kulemba dzina lake. Ana achiyuda pafupifupi 1.5 miliyoni anaphedwa, ndipo chiwerengero chimenecho munthu akhoza kuchimva n'kupitiriza ulendo. Koma samu imene wachita yekha imamukhala m'mutu, chifukwa yankho walipeza ndi iye.

Dzanja limene limadinda

Kuyambira 2005, miyala yambiri inapangidwa ndi a Michael Friedrichs-Friedlaender, mmisiri wosema amene malo awo ogwirira ntchito ali kumpoto kwa Berlin. Iwo amadula mkuwa, n'kutenga tizitsulo tolimba, kalikonse kali ndi chilembo chimodzi kunsonga. Amaimika kachitsulo pamkuwa, n'kumenya ndi nyundo, n'kusuntha, n'kutenga kena. Dzina limalowa chilembo chimodzichimodzi, ndiponso deti, ndiponso dzina la msasa. Kuti mizere iwongoke ndi kukhala pakati, diso liyenera kuyeza lisanamenye, pakuti chilembo chodindidwa sichifufutika. Akamaliza amapinda m'mphepete mwa mkuwawo kuti ukagwire m'konkireti, n'kuthira konkiretiyo m'chikombole, n'kudikira kuti iume, kenako n'kupukuta. Miyala yopita kunja amailemba m'chinenero cha kumeneko, kaya Chitaliyana, Chidatchi, Chihangare kapena Chinorowe, chilembo chilichonse ndi tizizindikiro take.

Makina olembera pazitsulo alipo, ndipo akhoza kutulutsa m'tsiku limodzi zimene dzanja limatulutsa m'masabata. Anthu ofuna miyala amadikira miyezi yambiri. Koma a Demnig akhala akukana makina, ndipo chifukwa chimene amapereka ndi chomveka: anthuwa anaphedwa mwa dongosolo la fakitale, ndi ndandanda za sitima, mafomu ndi ziwerengero, choncho kuwakumbukira kusakhale kwa fakitale. Ntchito itakula anawonjezera amisiri ena, koma lamulo la dzanja silinasinthe.

Ena akhoza kunena kuti wodutsa m'njira sangasiyanitse chilembo cha dzanja ndi cha makina. Mwina n'zoona kwa ambiri, ngakhale woyang'anitsitsa amaona kuti zilembo zina zinalowa mozama pang'ono kuposa zinzake. Koma phindu lenileni la dzanja lili kwina. Makina sawerenga. Munthu wodinda amawerenga dzina lililonse kangapo, amaliperekeza chilembo ndi chilembo, amaona chaka chobadwa, amazindikira kuti miyala isanu ili patebulo lake ndi bambo, mayi ndi ana atatu. A Friedrichs-Friedlaender anauzapo atolankhani kuti miyala ya ana ndi imene imawalemera kwambiri. Ndiye kuti mwala uliwonse usanafike mumsewu, pali munthu mmodzi wamoyo amene anakhala pansi ndi dzina limenelo, osaganiza za lina. Amene dzina lake linasandutsidwa nambala wapatsidwanso nthawi yakeyake.

Kugwada ndi kuwerama

Tsiku lokwirira mwala silikhala ndi zambiri. Kwa zaka zochuluka a Demnig ankayenda mzinda ndi mzinda pagalimoto yodzaza miyala, simenti, zidebe ndi zida, atavala chipewa chawo chachikulu. Amagwada, amazula mwala wakale wa m'njira, amakonza dzenje, amakhazikamo watsopano, amaugogoda mpaka ulingane ndi anzake, amatseka mipata, n'kusesa. Salankhula zambiri. Olankhula ndi ena: mwana wa sukulu amawerenga mbiri ya munthuyo, wachibale amanena zimene anamva kwa makolo, nthawi zina pamanenedwa Kaddish, pemphero lachiyuda la olira. Mmisiri amakhala chogwada pansi pamene ena aimirira, ndipo akamaliza amanyamula zida zake kupita pa khomo lina.

Zilembo zake ndi zazing'ono moti munthu sangaziwerenge ataima chilili. Ayenera kuima kaye, n'kuweramitsa mutu, mwinanso kupinda msana. A Demnig amanena kuti wowerenga mwala amawerama pamaso pa wophedwayo, kaya anafuna kapena ayi. Ichi ndi chinthu chimene mmisiri wodziwa thupi la munthu yekha akanachiganiza. Palibe chikwangwani chouza munthu kuti apereke ulemu. Kukula kwa zilembo ndiko kumamuchititsa.

Mkuwa nawo uli ndi khalidwe lake. Ukamakhudzidwa umawala, ukasiyidwa umada. Poyamba ganizo linali lakuti nsapato za odutsa zizipukuta miyalayi, koma anthu ambiri amailambalala mwaulemu, ndipo imada mpaka mayina osaoneka bwino. Pamenepa panabadwa mwambo umene sunalembedwe m'pulani. Anthu a m'dera amatuluka ndi nsanza ndi mankhwala opukutira chitsulo, makamaka pa 9 Novembala, tsiku lokumbukira usiku wa mu 1938 pamene masunagoge anatenthedwa ndi masitolo a Ayuda kuphwanyidwa m'dziko lonse la Germany, ndi pa 27 Januwale, tsiku limene asilikali a Soviet Union anafika ku Auschwitz mu 1945. Chikumbutso cha mwala wa nsangalabwi chimamangidwa kamodzi, anthu n'kuchisiyira boma. Cha mkuwa chimafuna munthu chaka ndi chaka, ndipo m'dera limene anthu aleka kusamala, miyala yake imaonetsa.

Sukulu imene ili kuseri kwa mwala

Gawo lalikulu la ntchitoyi silioneka mumsewu. A Demnig sasankha mayina. Mwala umayamba ndi munthu wamba amene wafunsa kuti m'nyumba ino munkakhala ndani: wokhalamo lero, mdzukulu wa wophedwa, gulu la mpingo, kapena kalasi ya sukulu ndi mphunzitsi wawo. Iwo ndi amene amafufuza, amapempha chilolezo ku khonsolo, amafunafuna achibale otsala, ndi kusonkha ndalama, zimene kwa zaka zambiri zinali mayuro 120 pa mwala umodzi.

Kufufuzako n'kumene kuli phunziro. Ana a sukulu amatsegula mabuku akale a maadiresi a mzinda wawo n'kuona dzina likupezeka chaka ndi chaka kenako n'kusowa. Amayang'ana m'buku la chikumbutso la nkhokwe ya zikalata za boma la Germany, m'mayina amene a bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem asonkhanitsa, ndi m'nkhokwe ya Arolsen, mmene muli zikalata zoposa 30 miliyoni zokhudza anthu 17.5 miliyoni. Nthawi zina amapeza fomu imene munthuyo anakakamizidwa kulemba asanatengedwe, yotchula katundu wake yense mpaka mipando, mbale ndi zovala, katundu amene pambuyo pake ankagulitsidwa pa okushoni, anthu a mumzinda womwewo n'kumagula. Mwana amene wagwira chikalata chotere saiwala. Wadzionera yekha kuti kupha anthu mamiliyoni kunafuna akalaliki, apolisi, oyendetsa sitima ndi ogula katundu wotchipa, anthu amene madzulo ankabwerera kwawo kukadya ndi ana awo.

Apa m'pamene miyalayi imalimbana ndi chidani chodana ndi Ayuda, ndipo imalimbana nacho pa mabodza ake enieni. Bodza loyamba limati zimenezi sizinachitike, kapena anazikokomeza. Mwala umapereka dzina, adiresi ndi deti zimene aliyense akhoza kukatsimikiza m'mapepala amene a Nazi analemba okha. Bodza lachiwiri limati anthu wamba sankadziwa. Ku Berlin kokha, kumene sitima yoyamba yotenga Ayuda inanyamuka pasiteshoni ya Grunewald pa 18 Okutobala 1941 ndipo oposa 50,000 anatengedwa, kuli miyala yoposa 10,000, ndipo m'misewu ina munthu sayenda nyumba zingapo osapeza wina. Bodza lachitatu ndi lakale kuposa a Nazi ndipo likadali moyo pa intaneti lero: limati Ayuda ndi gulu limodzi la alendo olemera amene amayendetsa dziko mobisa. Chidani chimenechi chimalankhula za anthu mwaunyinji nthawi zonse. Ku Berlin, miyala imapezeka pa nyumba zapamwamba za ku Charlottenburg ndiponso m'makwalala a Scheunenviertel mmene munkakhala osauka, ndipo ofufuza amapeza osoka zovala, ogulitsa m'sitolo, aphunzitsi, amasiye, ndi amuna amene anamenyera nkhondo dziko la Germany mu 1914. Mwana amene watha chaka akutsata moyo wa mayi mmodzi wosoka zipewa savomera msanga akamva wina akunena kuti Ayuda onse ndi akutiakuti.

Miyalayi imabwezanso mabanja pamodzi. Amene anapulumuka pothawira kunja nawonso amaikiridwa mwala pambali pa makolo awo ophedwa, kotero banja limene linamwazikana limaonekanso pa khomo limodzi. Pa tsiku lokwirira, zidzukulu zimabwera kuchokera ku Israel, America, Britain, South Africa ndi kwina, ena kufika koyamba m'dziko limene agogo awo analumbira kuti sadzapondamonso. Ndipo ntchitoyi yafika ngakhale kumene asilikali a Nazi sanalamulire. Mu 2022 ku Golden Square mumzinda wa London anakwirira mwala wa Ada van Dantzig, mtsikana wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito yokonza zithunzi zakale pamalopo, n'kubwerera kwawo kukakhala ndi abale ake nkhondo itayamba. Anaphedwa ku Auschwitz mu 1943.

Otsutsa, ndi malire a ntchitoyi

Si onse amene amaivomereza, ndipo wotsutsa wamkulu ndi munthu woyenera kumumvera. Mayi Charlotte Knobloch, mtsogoleri wa Ayuda a ku Munich, anapulumuka Holocaust ali mwana pobisidwa kumudzi. Iwo amati n'zosapiririka kuti mayina a anthu amene anaponderezedwa ali moyo aikidwe pansi pomwe nsapato zimaponda ndi agalu amadutsa. Khonsolo ya Munich inakana miyalayi pa malo a boma mu 2004, n'kubwerezanso mu 2015, ndipo kuyambira 2018 mzindawo umaika zikwangwani pakhoma ndi tizipilala tofika m'maso. Ayuda ena ambiri, kuphatikizapo achibale a ophedwa, amaikonda miyalayi ndipo amaipempha okha. Mbali zonse ziwiri zikuteteza ulemu wa akufa. Ine ndimaima ndi mwala wa pansi chifukwa cha kuwerama kuja, koma munthu amene anaona Ayuda akumenyedwa m'misewu ya Munich ali ndi chifukwa chomveka choonera nkhaniyi mwina.

Odana ndi Ayuda nawo amadziwa mphamvu ya miyalayi, n'chifukwa chake amaizula. Ku Greifswald miyala yonse 11 ya mumzindawo inabedwa usiku wa 9 Novembala 2012. Ku Rome miyala 20 inazulidwa m'dera la Monti mu Disembala 2018. M'malo onse awiri inabwezeretsedwa. Palinso zoopsa kuposa kuba: mzinda wa Halle uli ndi miyala yake, komabe pa 9 Okutobala 2019, tsiku lopatulika la Ayuda la Yom Kippur, munthu wamfuti anayesa kuthyola chitseko cha sunagoge, ndipo atalephera anapha anthu awiri chapafupi. Mwala sutchinga chipolopolo. Umagwira ntchito pa mwana amene sanasankhe mbali, zaka zambiri mfuti isanafike m'manja mwa munthu.

Malire ena ndi a chiwerengero. Ayuda ambiri ophedwa sanali a ku Germany. Pafupifupi 3 miliyoni anali a ku Poland, ndipo ena ochuluka anali a ku Ukraine, Belarus ndi Lithuania, kumene midzi yathunthu inatha popanda wotsala woti adzapemphe mwala. Ku Babi Yar pafupi ndi Kyiv, anthu 33,771 anawomberedwa m'masiku awiri okha mu Sepitembala 1941. Miyala 100,000 yatenga zaka pafupifupi 30. Pa liwiro limenelo, kuti aliyense mwa 6 miliyoni apeze wake pangafunike zaka 1,800. A Demnig amadziwa kuti ntchitoyi sidzatha, ndipo sanafulumizitse dzanja kuti ithe. Kusatha kwakeko kumaphunzitsa chinthu chimene buku limavutika kufotokoza: kupha kunatenga zaka zochepa, koma kutchula ophedwawo mmodzimmodzi, mwaulemu woyenera munthu, n'kopitirira moyo wa mibadwo yambiri.

Amene anaona zinthuzi ndi maso awo atsala ochepa, ndipo ambiri mwa otsalawo anali ana pa nthawiyo. Posachedwa sikudzakhala wopulumuka woti aime kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti ndinalipo. Aphunzitsi a mbiri imeneyi, kulikonse kumene ali, adzafunika njira yoti mwana afike yekha pa umboni, ndipo njira ya a Demnig yayesedwa kale m'mizinda yambirimbiri: yambani ndi munthu mmodzi, pezani pamene ankakhala, werengani zimene omupha analemba, tchulani chimene chinachitika ndi mawu ake enieni, ndipo musanene chimene mapepala sakutsimikiza. Wophunzira amene wadutsa njira imeneyi amatuluka akudziwa mbiri ya Ayuda a ku Ulaya, komanso amatuluka ndi chizolowezi chofunsa dzina ndi umboni nthawi iliyonse imene wina akumuuza kuti adane ndi mtundu wathunthu wa anthu.